Chingwe chikungoduka pansi pa jeti: ndigule chotani chowedzera bass?

Kalata iyi yachokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Vanderbijlpark, m'mbali mwa mtsinje wa Vaal ku South Africa. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Akulu, ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo mbedza ndinayamba kuigwira ndili mwana. Kuno ndimasamalira nyumba ina ya m'mphepete mwa mtsinje. Panyumbapo pali jeti yomangirirapo boti, ndipo abwana anandipatsa ndodo ndi reel zimene anasiya kugwiritsa ntchito, n'kundiloleza kumawedza Loweruka ndi Lamlungu. Nsomba za bass zimakhala pansi pa jetiyo, ndimachita kuziona ndi maso. Vuto ndi lakuti ikangodya nyambo imathawira kumizati, kenako chingwe duu! Mwezi uno wokha zandipulumuka zinayi, ina inali yaikulu ndithu. Chingwe chake ndi braid, ndipo abwana akuti ndi cha 30 lb. Nanga nsomba ya makilogalamu awiri ingadule bwanji chingwe chotere? Kushopu ndinapeza mitundu yambirimbiri. Wogulitsa akuti ndigule fluorocarbon, koma mtengo wake ndi wowawa. Ndalama zambiri ndimatumiza kumudzi, sindifuna kutaya pachabe. Ndigule chiti?"

Achimwene, mtima m'malo. Manja anu sanaiwale mbedza, ndipo chingwe chimene munachipeza pa reel (chokulungira chingwe pandodo) ya abwanacho si chabodza. Ndi chingwe chabwino ndithu, kungoti chikugwira ntchito pamalo osayenera. Aliyense amene amawedza bass m'majeti, kaya pa Vaal, pa damu la Hartbeespoort kapena pa Lake Chivero ku Zimbabwe, anadutsamo m'zimene mukudandaulazi. Mankhwala ake sadula ngati mmene mukuopera, ndipo mwina braid yanuyo, chingwe cholukidwacho, simuitaya n'komwe.

Tiyambe ndi funso limene likukuzunguzani mutu. Zoona, 30 lb ndi makilogalamu pafupifupi 13 ndi theka. Koma nambala imeneyi amaipeza kufakitale pokoka chingwe chatsopano, chowongoka, chosakhudza kanthu kalikonse, mpaka chiduke. Siikuuzani zimene zimachitika chingwe chokungika chikamakwecha pa bawuti yadzimbiri. Nsomba yanu ija sinadule chingwe ndi mphamvu zake ayi. Inangochikokera pachitsulo chakuthwa chimene chinali kale m'madzimo, chitsulocho n'kumaliza ntchito. Ngakhale mukanamanga cha 40 lb cha mtundu womwewo, nkhani ikanakhala yomweyo.

Bass si nsomba ya kuno ku Africa. Kwawo ndi ku North America, ndipo ku South Africa anabwera nayo mu 1928. Khalidwe lake ndi lobisalira: imakonda mthunzi, imaima chete pafupi ndi mzati n'kumadikira tinsomba, nkhanu kapena chule. Ikamva kuti mbedza yalowa sithawira pakati pa mtsinje, imabwerera komwe imadziwa kuti ndi kotetezeka, ndiko kumizati kuja. Timano take ndi tating'ono tokhakhala, timangopala chingwe pang'ono pafupi ndi mbedza, sitingachidule ngati mmene imachitira nsomba ya mano akuthwa ya tigerfish. Mdani wanu weniweni ndi jeti.

Ndiye musanapite kushopu, pitani kaye pajetipo mukagone chafufumimba n'kusuzumira pansi. Tengani nsungwi yaitali muzigogoda m'madzimo. Kodi mizati ndi yamitengo ya bulugamu, ndi mapaipi achitsulo, kapena ndi yakonkire? Kodi pali zitsulo kapena matabwa opingasa amene amalumikiza mzati ndi unzake pansi pamadzi? Kapena jetiyo ndi yoyandama pamigolo, yomangidwa ndi matcheni kapena mawaya opita pansi? Majeti ambiri akale amakhala ndi zonsezi pamodzi, kuphatikizapo misomali yotuluka, zidutswa za waya ndi matayala akutha amene amaika kuti boti lisagunde. Mzati wamtengo umene wakutidwa ndi ndere ndi woterera, chingwe chimadutsapo osavulala kwenikweni. Koma chitsulo chadzimbiri, ngodya ya konkire ndi waya wothethekatheka ndi nkhani ina. Kalata yanu ikusonyeza kuti chingwe chikuduka nthawi imodzi nsomba ikangofika kumizati, choncho ndikuganiza kuti pansipo pali chitsulo.

Tsopano braid. Chingwe chimenechi si chimodzi, ndi tiulusi tambirimbiri topyapyala ta pulasitiki yolimba kwambiri yotchedwa polyethylene, imene mumaiona pamabokosi ndi mayina a Dyneema kapena Spectra. Tiulusito amatipota m'magulu anayi kapena asanu ndi atatu n'kutiluka. Pokoka mowongoka palibe chingwe chofanana nacho, ndiye chifukwa chake cha 30 lb chimakhala chopyapyala, mamilimita 0.28 kapena kuchepera apo, malinga ndi kampani. Sichitamuka, choncho mumamva ngakhale nsomba ikangonunkhiza nyambo. Koma pachinthu chakuthwa ubwino womwewu umasanduka tsoka. Mukudziwa mmene chingwe cha pachitsime chimadyekera pamlomo wa chitsime: kaulusi kamodzi kaduka, kenako kena, manyenje n'kuyamba kuoneka, mpaka tsiku lina ndowa n'kutsalira pansi. Braid pachitsulo chadzimbiri imachita zomwezo, koma m'kuphethira kwa diso, chifukwa ndi yopyapyala, ndi yokungika, ndipo ilibe kutamuka kulikonse koti kufewetse kukoka kwa nsomba. Pamtengo namo imakonda kudzilowetsa m'mng'alu n'kukanirira momwemo.

Sindikuinyoza braid. Mukanandilembera kuti mukuwedza m'namasupuni wa pa Hartbeespoort kapena m'mabango, ndikanakuuzani kuti mugule ya 50 lb mumange mbedza mwachindunji, chifukwa imacheka udzu pamene zingwe zina zimangokodwa. Alipo asodzi odziwa bwino amene amagwiritsa ntchito braid ya 50 kapena 65 lb m'majeti amatabwa ndipo zimawayendera. Koma imeneyo ndi yonenepa kuposa yanuyo, ndipo ndi pamatabwa.

Wogulitsa uja sananame pokutchulirani fluorocarbon. Chingwe chimenechi ndi chimodzi chathunthu, osati cholukidwa, ndipo chinayamba kupangidwa ku Japan mu 1971 ndi kampani ya Kureha pansi pa dzina la Seaguar. Khungu lake ndi louma ndi lolimba, choncho chikakwecha pachitsulo chimayamba chapalika kaye chisanaduke, ndipo kanthawi kochepa kameneko ndi kamene mumafuna kuti nsomba ituluke. Sichimwa madzi, ndiye mmene chilili m'mawa ndi mmene chidzakhalire madzulo. Dzuwa silichiwononga msanga. Chimamira, chifukwa ndi cholemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, zimene zimathandiza nyambo yopepuka kutsika mowongoka m'mbali mwa mzati. Ndiponso m'madzi oyera sichioneka kwambiri ngati zingwe zina.

Zofooka zake wogulitsa sakonda kuzitchula. Ndi chouma, choncho chonenepa chimavuta pa reel yaing'ono, chimangosomphoka pasipulu n'kusokonezeka ngati chisa. Mfundo mukaimanga mwaphuma, osanyowetsa, chimapsa ndi kukhulana n'kudukira pamfundo pomwepo. Chikakokedwa mwamphamvu kwambiri, monga pomasula mbedza yokodwa, sichibwerera mwakale, gawo limenelo limakhala lafooka ngakhale maso sakuona. Ndipo chikangotemeka mozama pamalo amodzi, basi, chatha. Samalaninso ndi mabokosi: zina zimalembedwa fluorocarbon ndi zilembo zikuluzikulu, koma mukawerenga tating'ono mupeza kuti ndi nayiloni yongopakidwa pamwamba. Chenicheni chimalembedwa 100% fluorocarbon.

Chachitatu ndi chimene inu munakula nacho ku Nkhotakota, nayiloni, chimene m'mashopu akumeneko amachitcha mono. Anthu ambiri masiku ano amachiona ngati chachikale. Ine sinditero. Nayiloni yonenepa bwino imapirira kukwecha modabwitsa, mfundo zake zimagwira mosavuta, ndipo mtengo wake nthawi zambiri sufika ngakhale theka la fluorocarbon. Pali mitundu ina imene amaipanga dala yakhungu lolimba, monga Berkley Trilene Big Game, Maxima Ultragreen ndi P-Line CXX, komanso zingwe za Double X za ku South Africa komweko. Choipa chake n'chakuti chimamwa madzi n'kufewerapo chikakhalitsa m'madzi, dzuwa limachiwotcha pang'onopang'ono, ndipo chimatamuka kwambiri. Kutamukako kumavuta mukaponya kutali. Koma pajeti simuponya kutali, ndi mamita asanu kapena khumi basi, ndiye sikukupwetekani kwenikweni.

Pakati pa ziwirizi asodzi amakangana mpaka kalekale, wina akuti fluorocarbon, wina akuti mono, ndipo aliyense ali ndi nsomba yake yoloza. Mkanganowu umakula chifukwa amafanizira zinthu zosafanana. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, achimwene, chifukwa ndi pamene ndalama zanu zingapulumuke kapena kulowa m'madzi. Pabokosi lililonse pamakhala manambala awiri. Ina ndi ya lb kapena kg, imene aliyense amaiyang'ana. Ina ndi ya mamilimita, kunenepa kwa chingwe, imene anthu amaidumpha. Pankhani ya kukwecha, yachiwiriyi ndi imene ili ndi mawu. Chitsulo chikapala chingwe chimachotsa kagawo kena ka thupi lake. Pachingwe chonenepa kagawoko ndi kochepa poyerekeza ndi chotsala, pachopyapyala ndi pafupifupi theka. Ndipo kunenepa kukangokwera pang'ono, thupi la chingwe limakwera kwambiri: cha mamilimita 0.40 chili ndi thupi lochuluka pafupifupi kawiri kuposa cha 0.28. Makampani nawonso salemba mofanana. Mutha kupeza fluorocarbon ya 15 lb ili 0.33 pamene nayiloni ya 15 lb ili 0.38. Mukazikwechesa ziwirizi n'kuona nayiloni ikupambana, si kuti nayiloni ndi yamatsenga, ndi yonenepa chabe. Ndipo mukaona bokosi likudzitama kuti chingwe chake ndi chopyapyala koma champhamvu zedi, limenelo lisiyeni pashelefu, si la pajeti.

Mmene ndimaonera ine, zingwe ziwiri zikakhala zonenepa mofanana ndipo zonse zanyowa, fluorocarbon yabwino imaposa nayiloni pachitsulo ndi pakonkire. Koma sikuti imaposa kawiri kapena katatu monga mtengo wake umachitira. Ndipo ubwino wake wina uja, wosaoneka m'madzi, pa Vaal ulibe ntchito kwambiri. Madzi a pakati pa tauni ya Vereeniging ndi chipupa chotchinga mtsinjewo chotchedwa Barrage nthawi zambiri amakhala oderapo, makamaka mvula ikayamba. Nsomba imene ili mumthunzi wa jeti m'madzi otere ilibe nthawi yofufuza chingwe. Mukanakhala pa damu la madzi oyera ndikanalankhula zina.

Ndiye mugule chiti? Simunandiuze mtundu wa reel, ndiye ndiyankha mbali zonse ziwiri.

Ngati ndi reel yolendewera pansi pa ndodo, imene kumeneko amaitcha coffee grinder, braid yanuyo isiyeni pomwepo. Chimene mukufuna ndi kachingwe kena kolumikiza kumapeto, kamene asodzi amati leader. Gulani kasipulu kakang'ono, kamamita 25 kapena 50, ka chingwe cha mamilimita pakati pa 0.35 ndi 0.40. Thumba likalola, tengani fluorocarbon yeniyeni, ndipo ngati pali yolembedwa kuti leader sankhani imeneyo chifukwa imakhala yolimba khungu kuposa yodzadzira sipulu. Thumba likakana, tengani nayiloni yolimba ya kunenepa komweko, musachite nazo manyazi. Apa pali pamene ambiri amaphonya: amamanga leader yaifupi, ya mkono umodzi, ngati akuwedza pamalo opanda mizati. Pansi pa jeti chimene chimakhudza mzati si chingwe cha pafupi ndi mbedza chokha. Nsomba ikalowa mkati mamita awiri, chokwecha pamzati ndi chingwe chimene chili mamita awiri kumbuyo kwake. Choncho leader yanu ikhale yaitali kuposa pamene nsomba ingafike pansi pa jetiyo. Ine ndimayambira mamita atatu, ndipo pajeti yotakata ndimafika anayi. Kasipulu kamodzi kadzakufikitsani patali.

Ngati ndi reel yokhala pamwamba pa ndodo, baitcaster, muli ndi mwayi wina, chifukwa imeneyo imanyamula chingwe chonenepa popanda vuto. Mutha kuchotsa braid n'kudzadza nayiloni kapena fluorocarbon ya 0.35 mpaka 0.40, kuti pasakhale mfundo yolumikizira n'komwe. Posunga ndalama, musadzadze sipulu yonse ndi chingwe chodula. Siyani chakale pansi, pamwamba muike mamita 50 okha a chatsopano. Pajeti simudzafika kumapeto kwake. Ngati mukungophunzira kuponya nyambo modumphitsa pamadzi kuti ilowe mkati mwa jeti, phunzirirani pa nayiloni, chifukwa chisa chilichonse chimene mudzapange pa fluorocarbon chimasiya popindika, ndipo popindikapo ndi pamene padzaduke.

Mfundo ndi nkhani yakeyake. Polumikiza braid ndi leader yaitali chonchi, mfundoyo izidutsa m'mphete za ndodo nthawi iliyonse mukaponya, ndiye iyenera kukhala yoonda. Yabwino koposa ndi FG, koma imafuna kuphunzira modekha, usiku kunyumba osati pamtsinje nsomba zikudya. Yosavuta ndi Alberto kapena double uni. Pambedza, mfundo ya Palomar imagwira bwino pa nayiloni, ndipo imagwiranso pa fluorocarbon malinga mbali ziwiri za chingwe chopindacho zisapingasane pamene zikudutsa padiso la mbedza. San Diego jam ndi imene ine ndimakonda pa fluorocarbon yonenepa. Iliyonse imene mungasankhe, inyowetseni musanaikunge, ikungeni pang'onopang'ono, kenako kokani mwamphamvu ndi manja musanaponye. Ndi bwino iduke m'manja mwanu kusiyana ndi pakamwa pa nsomba. Ponyowetsa ambiri timagwiritsa ntchito malovu, koma lavulirani pachala, musaike chingwe chochokera mumtsinje umenewo mkamwa. Za madzi onyansa olowa mu Vaal kuchokera m'matauni akumeneko si mphekesera, bungwe la South African Human Rights Commission linatulutsa lipoti lake mu 2021. Pachifukwa chomwecho ganizirani kawiri musanaike nsomba zapamenepo mumphika kawirikawiri. Asodzi ambiri a bass amangojambula n'kubwezera m'madzi.

Musakhulupirire mawu anga okha, kapena a wogulitsa. Yesani nokha. Dzadzani madzi m'botolo la malita awiri, limenelo ndi makilogalamu awiri, kulemera kwa nsomba mumanena ija. Dulani zidutswa za mita imodzi za zingwe zimene mukufuna kufanizira, kuphatikizapo braid yanuyo, n'kuziviika m'madzi ola limodzi kapena awiri kuti nayiloni imwe madzi ngati mmene imachitira pamtsinje. Mangani botolo kumapeto, dutsitsani chingwe pangodya ya chitsulo chadzimbiri kapena njerwa yonyowa, n'kumakoka ndi kubweza mofanana, mukuwerenga. Bwerezani kangapo pachingwe chilichonse, pamalo omwewo a chitsulo. Mudzaona ndi maso anu braid ikutulutsa manyenje n'kuduka msanga pamene zinazo zikungochita mbuu n'kumapirirabe. Mukakhala ndi anzanu owedza, pemphani mita imodzi imodzi ya zingwe zawo musanagule chanu.

Komabe palibe chingwe chimene chingapirire mpaka kalekale pachitsulo. Chabwino chimangokugulirani masekondi ochepa, ndipo masekondiwo muyenera kuwagwiritsa ntchito. Ndikuganiza kuti mumawedza mutaima pamwamba pa jeti pomwepo. Pamenepo mumadziika pamavuto awiri. Mapazi anu pamatabwa nsomba imawamva, ndipo ikadya n'kulowa pansi panu chingwe chimapinda pam'mphepete mwa jeti, inu n'kumakokera nsomba kumizati m'malo moichotsako. Ngati malo alola, tsikani muime pagombe chapambali, muponye nyambo m'mbali mwa mizati yakunja, kuti pokoka nsomba izibwera kumadzi opanda kanthu. Yambani ndi mizati yakunja, mkati mulowe pambuyo. Musanaponye dzifunseni kuti ikadya apa ituluka njira iti. Ngati pakati pa inu ndi nyambo pali chitsulo chopingasa, sunthani kaye.

Drag, imene ndi buleki ya reel, ikhale yothina kuposa mmene mumachitira pamadzi opanda mizati. Izitha kumasula chingwe mukakoka mwamphamvu ndi dzanja, koma isamangolira nsomba ikangogwedeza mutu. Ndodo ikhale ya msana wolimba, yolembedwa medium-heavy, chifukwa yofewa imangopinda nsomba ikupita. Ikangodya, kolani mbedza, ndodo muitsitsire chambali n'kukoka osapumira mpaka mutu wa nsomba utayang'ana kunja. Kusewera nayo muzichita ikatuluka. Nanga ikakutsogolerani n'kuzungulira mzati? Apa mtima umati koka, koma kukoka ndiko kucheka. Lekani. Chepetsani mphamvu, chingwe chingokhala chokungika pang'ono, dikirani. Nthawi zambiri nsomba ikamva kuti palibe choikoka imatembenuka n'kutuluka njira yomwe inalowera. Ikapanda kutero, yendani pang'onopang'ono kupita mbali imene chingwe chalowera, mulowetse nsonga ya ndodo m'madzi kuti chingwe chichoke pamzati.

Chizolowezi chimene chidzakupulumutsireni nsomba zambiri kuposa bokosi lililonse ndi ichi: mukagwira nsomba, mukakodwa, kapena mukangomva chingwe chakhudza mzati, dutsitsani mamita awiri omalizira pakati pa chala chachikulu ndi chikhadabo. Mukamva pokhakhala, ngakhale pang'ono bwanji, dulani pamwamba pake mumangenso. Zimatenga mphindi imodzi. Ulesi wa mphindi imeneyi ndi umene umatayitsa nsomba yaikulu, chifukwa chingwe chovulala chimanyamula tinsomba ting'onoting'ono tsiku lonse, n'kudzaduka pamene yabwera ija mwakhala mukuidikira. Miyezi ya September ndi October, pamene madzi ayamba kufunda ndipo zikuluzikulu zimayandikira kugombe kudzaswana, chitani zimenezi mowirikiza.

Chingwe chikaduka, musangotukwana n'kumanganso. Yang'anani kumapeto kwake, kumakuuzani chimene chachitika. Kukakhala kopotanapotana, ndi mfundo imene yamasuka, vuto ndi kamangidwe. Kukakhala kodukira kamodzi bwinobwino, chadutsa pachinthu chakuthwa. Kukakhala kokhakhala kapena kwa manyenje kwa mtunda ndithu, chadyeka ndi kukwecha. Koma ngati braid yanu ili ndi manyenje paliponse, ngakhale pamene sipanafike kumizati, kapena ikuduka poponya, ndiye jeti ilibe mlandu. Ndodo yanu ndi yakale, ndipo mphete zake, makamaka ya kunsonga, zimatha kukhala ndi kamng'alu kosaoneka ndi maso. Tengani kathonje kotokosera m'khutu, kazungulizeni mkati mwa mphete iliyonse. Pamene thonje lakodwa n'kutsalira, mphete imeneyo ikudya chingwe chanu. Onaninso kagudumu kakang'ono kamene chingwe chimadutsapo polowa mu reel, ngati kakuzungulira momasuka. Ndiponso chitsulo cholemetsera nyambo, chija chosongoka chimene chimayenda pachingwe, zina zotsika mtengo zimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa m'kabowo kake. Braid ikakhala kuti yangotha kumapeto kokha, itembenuzeni, ya pansi pa sipulu ibwere pamwamba, ndipo mudzakhala ngati mwagula yatsopano. Zingwe zotsala sungani m'kabati, osati pawindo kapena m'boti padzuwa, makamaka nayiloni. Imeneyo ikayamba kuoneka yotuwa ndi youma, isintheni osadikira.

Pali zina zimene si za chingwe koma sindingazisiye. Mbedza ikakodwa n'kukana kumasuka, musakulunge braid padzanja kuti muidule. Imacheka mpaka mnofu. Ikulungeni pakamtengo. Musalowe m'madzi pansi pa jeti kukamasula nyambo kapena nsomba, makamaka ngati jetiyo ili ndi magetsi a nyali kapena a makina okwezera boti. Waya wong'ambika umatha kulowetsa magetsi m'madzi, ndipo munthu amauma manja ndi miyendo n'kumira ngakhale ali katswiri wosambira wa kunyanja. Mukaona waya wolendewera, auzeni abwana aitane wodziwa zamagetsi. Mbedza ikalowa m'thupi mpaka kupitirira kakolowa kake, kapena ikalowa pafupi ndi diso, musaizule nokha, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi mukadzicheka ndi chitsulo chadzimbiri: tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo kafunseni za katemera wa kafumbata, makamaka bala likayamba kutupa kapena kufiira. Zidutswa za chingwe zimene mukudula muziika m'thumba, chifukwa mbalame zimakodwa nazo, ndipo fluorocarbon siwola.

Chilolezo cha abwana ndi cha jeti yawo yokha. Kuwedza m'mitsinje ndi m'madamu a m'zigawo zambiri za ku South Africa kumafuna laisensi ya chigawo, ndipo pamene mulipo mtsinjewo ndiwo malire a Gauteng ndi Free State, ndiye funsani kushopu ya zowedzera kuti yofunika ndi iti komanso imagulidwa kuti. Kwa anthu obwera, kapepala kameneka kamapewetsa mafunso ambiri. Majeti a oyandikana nawo musakwerepo osapempha. Ndipo bass yamoyo musainyamule kupita nayo kudamu lina, malamulo akumeneko amaletsa popanda chilolezo chifukwa imatha nsomba zachilengedwe.

Mukasintha leader, mukayamba kuyang'ana chingwe pafupipafupi, koma nsomba zikupulumukabe, nyamulani ndodo, reel ndi zidutswa zodukazo mupite nazo kushopu imene ili ndi munthu wokonza ndodo. Kusintha mphete imodzi ndi ntchito yaing'ono ndipo siidula. Pomwepo mupemphe akuonetseni kamangidwe ka FG ndi manja, chifukwa kuona kamodzi kumaposa kuwerenga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'dera la Vaal muli magulu a asodzi a bass amene amachita mipikisano pamtsinje womwewo, ndipo ambiri mwa iwo amakonda kufotokoza kuposa kuwedza kumene. Auzeni kuti mizati yanu ndi yachitsulo kapena yamtengo, ndi kuti madzi pansi pake ndi akuya bwanji, kenako muwafunse kuti amamanga chingwe cha mamilimita angati.